CHIFUKWA CHIMENE SINDIKONDERA MAGEMU OFA N'KUYAMBIRANSO

Tsiku loyamba la teremu ino, titatha kudya chakudya chamadzulo, tinakhala pa khonde anyamata ngati khumi n'kumasimbirana za tchuthi. Monga mudziwa, kuno ku seminale mafoni saloledwa, choncho nkhani zonse zimene munthu watola kwao zimatuluka sabata yoyamba. Ena anakamba za mpira, ena za ukwati wa achemwali ao, koma imene inatenga malo inali ya magemu. Ine nditanena kuti gemu yotchedwa Elden Ring sinandisangalatse, ndiponso kuti magemu onse a mtundu umenewo sindiwakonda, anzanga awiri anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anati, "Ase, usanamizire gemu. Ingonena kuti inakukanika." Belu la mapemphero a usiku linalira ndisanayankhe. Ndiye ndati ndiyankhire muno, ndipo poyankhapo ndifotokozereko makolo ndi ansembe athu, amene amangoona ana atayang'ana kanema maso ali tong'o, osadziwa chimene chikuchitika.

KODI NDI MAGEMU OTANI?

Magemu a pa kanema alipo amitundumitundu. Alipo a mpira, amene anyamata amalipira kuti asewere m'timashopu ta pa msika. Alipo a mpikisano wa magalimoto, alipo omanga nyumba ndi midzi monga Minecraft. Amene ndikunena ine ndi mabanja awiri amene akhala akutchuka kuyambira cha m'ma 2010.

Banja loyamba limatchedwa Soulslike. Dzinali lichokera ku gemu ya Demon's Souls, imene kampani ya ku Japan ya FromSoftware inatulutsa mu 2009 motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki, ndi inzake Dark Souls ya mu 2011. Pambuyo pake kunabwera Bloodborne mu 2015, Sekiro mu 2019 ndi Elden Ring mu February 2022. M'magemu ambiri a banjali wosewera amayendetsa msilikali m'dziko la mabwinja. Mdani aliyense, ngakhale wooneka wonyozeka, angathe kukupha atakumenya kangapo kokha. Ukapha adani umatola chuma chimene umagulira mphamvu ndi zida. Ukafa, pa kanema pamabwera mawu ofiira akuti YOU DIED, ndiko kuti "wafa". Chuma chako chonse chimagwera pomwe wafera, iwe umabwerera pa malo pamene unapumira komaliza, ndipo adani amene unawapha aja amadzukanso. Uli ndi mwayi umodzi wokha wokatola chuma chija. Ukafanso usanafikepo, chapita basi. Kumapeto kwa chigawo kumakhala chimdani chachikulu chimene anyamata amachitcha bosi. Kuti umgonjetse uyenera kuloweza mayendedwe ake: akakweza lupanga chotere, gubuduka, akabwerera m'mbuyo, dikira, akatembenuka, menya kamodzi n'kuthawa. Njira yolowezera ndi imodzi yokha, kufa kambirimbiri. Malo osankhira kuti "ndipatseni zosavuta" mulibe.

Banja lachiwiri limatchedwa roguelike. Gogo wa banjali ndi gemu ya Rogue, imene Michael Toy ndi Glenn Wichman anapanga mu 1980 ali ophunzira pa yunivesite ya California ku Santa Cruz. Inalibe zithunzi. Wosewera anali chizindikiro cha @, zilombo zinali malembo, ndipo ntchito inali kutsika m'mapanga kukafuna chithumwa. Koma inasiya malamulo awiri amene adzukulu ake akusungabe. Loyamba: ukafa wafa, uyambirenso pa chiyambi penipeni. Lachiwiri: ukayambiranso, kompyuta imasintha mapanga, adani ndi zida, kotero kuti ulendo uliwonse ndi wina. Adzukulu otchuka ndi Spelunky ya mu 2008, The Binding of Isaac ya mu 2011, Dead Cells ya mu 2018 ndi Hades ya mu 2020. Mu Hades umayendetsa Zagreus, mwana wa mulungu wa akufa wa m'nthano za Agiriki, amene akufuna kuthawa kwa atate ake. Akafa panjira amabwerera kunyumba n'kuyambanso, ndipo kuti uone mathero a nkhani uyenera kuthawa bwinobwino kokwana khumi.

Anthu okonda zimenezi si ochepa ayi. Elden Ring inagulidwa makope opitirira 12 miliyoni mwezi usanathe, inalandira mphoto ya gemu yopambana ya chaka cha 2022, ndipo pofika mu 2025 makope ake anali atapitirira 30 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu onse a m'Malawi muno. Choncho ponena kuti sindiikonda, ndikudziwa kuti ndikutsutsana ndi khamu.

KUVUTAKU KUNACHOKERA KUTI?

Poyamba kuvuta kwa magemu kunali nkhani ya ndalama. Magemu oyamba kutchuka, monga Space Invaders ya mu 1978, Pac-Man ya mu 1980 ndi Donkey Kong ya mu 1981, ankaseweredwa pa makina aatali ngati kabati amene ankaikidwa m'masitolo ndi m'malo odyera. Ku Japan munthu ankaponyamo khobidi la 100 yen, ku America la masenti 25. Mwini makina sakanapindula ngati mwana mmodzi akanasewera tsiku lonse ndi khobidi limodzi. Choncho gemu inkapangidwa kuti izikupha msanga, koma izikusiya ukuganiza kuti unangotsala pang'ono, kuti upise m'thumba kachiwiri.

Magemu atalowa m'nyumba za anthu chizolowezicho chinapitirira. Timakaseti ta nthawi imeneyo tinkasunga zinthu zochepa pomwe mtengo wake unali wokwera, ndiye kuvuta kunkathandiza kuti gemu yaifupi itenge masabata. Mu Ghosts 'n Goblins ya mu 1985, msilikali wako akamenyedwa kawiri amafa, ndipo ukavutika mpaka kumapeto gemu imakuuza kuti uyambirenso yonse kuti uone mathero enieni. Gemu yachiwiri ya Super Mario Bros. imene inatuluka ku Japan mu 1986 sanaigulitse ku America pa nthawiyo poona kuti ndi yovuta kwambiri.

M'zaka zotsatira magemu ambiri anafewa. Munthu ankatha kusunga pamene wafika, kusankha zosavuta, ndipo mivi ya pa kanema inkamlozera kopita. Osewera ena anayamba kudandaula kuti akuwadyetsa phala ngati ana. Demon's Souls inapeza anthu oterowo ali ndi njala. Ndiye tinganene kuti lero kuvuta sikulinso msampha wa makobidi. Kwasanduka ndiwo imene ikugulitsidwa. Kuli ngati tsabola wa kambuzi: pali anthu amene nsima siitsika popanda iye.

CHIMENE AMAWAKONDERA

Si bwino kutsutsa chinthu usanamve mbali yake. Ndaona zifukwa zitatu.

Choyamba ndi chimwemwe cha kupambana utavutika. Miyazaki mwini wake wakhala akufotokoza kwa atolankhani kuti cholinga chake si kuzunza anthu, koma kuti alawe kukoma kwa kugonjetsa chinthu chimene chinkaoneka chosatheka. Makolo athu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nzeru imeneyi ndi yoona ndipo sindiitsutsa.

Chachiwiri anachifotokoza katswiri wa za maganizo Mihaly Csikszentmihalyi m'buku lake la mu 1990 lotchedwa Flow. Iye anaona kuti ntchito ikakhala yofewa munthu amatopa nayo, ikavuta mopitirira amada nkhawa, koma ikalingana ndi luso lake amamira m'menemo mpaka kuiwala nthawi. Tonsefe tinazionapo pa mpira kapena pa samu imene ikuyenda bwino.

Chachitatu ndi chimene chimandiopsa. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, ankaika nkhunda ndi makoswe m'bokosi momwe munali kabatani kotulutsa chakudya. Anapeza kuti chakudya chikamatuluka mwa apo ndi apo, nyama yosadziwa kuti chituluka liti imalimbikira kugogoda kabataniko, ndipo imachedwa kuleka ngakhale chakudya chitasiya kutuluka. Umo ndi momwe juga imagwirira anthu. M'magemu a roguelike sudziwa ngati ulendo uno upeza chida chabwino, ndiye mtima umangoti, "Kamodzi kokhanso." Ngakhale kagemu ka pa foni ka Flappy Bird, ka kambalame kodutsa pakati pa mapaipi, mwini wake Dong Nguyen wa ku Vietnam anakachotsa yekha pa msika mu February 2014, ponena kuti anthu akukanika kukasiya.

ZIMENE ZINANDICHITIKIRA

Tchuthi chapitachi ndinakakhala masabata awiri kwa azakhali ku Lilongwe. Msuweni wanga ali ndi PlayStation 4, ndipo anandipatsa padi kuti ndilawe Elden Ring. Dziko lake n'lokongola, sindinama: madambo, nyumba zachifumu zakugwa, ndi chimtengo chachikulu chowala ngati golide. Koma nditafika pa mlatho wolowera ku linga loyamba ndinakumana ndi bosi wotchedwa Margit. Ndinayamba kulemba timizere pa chikuto cha kope nthawi iliyonse akandipha. Madzulo achiwiri timizere tinafika 41.

Pa ulendo wa 42 zinkandiyendera. Moyo wa Margit unali utatsala kachidutswa. Pomwepo kamlongo ka msuweni wanga, ka zaka zisanu, kanadutsa kutsogolo kwa kanema katanyamula mbale ya mbatata imene amayi ake anakatuma kuti kandipatse. Sindinaone lupanga. Mawu ofiira aja anabwera. Ndinaimirira n'kukalipa, "Choka apa, chitsiru iwe!" Mwana anagwetsa mbale n'kuyamba kulira. Azakhali anatuluka ku khitchini, nandiyang'ana kanthawi, n'kunena motsitsa mawu, "Kodi a Fada, mawu amenewa ndi amene mukuphunzira ku seminale?" Sanaonjezere china. Ndikanakonda akanandimenya.

Tsiku lachitatu Margit ndinamupha. Msuweni wanga anadumpha n'kundikumbatira. Ine ndinadikira chimwemwe chimene ankandilonjeza chija, koma chimene ndinamva chinali ngati cha munthu amene amuzula dzino: ululu watha, basi. Nditalowa m'linga ndinamva kuti mkatimo muli bosi winanso woposa uja. Ndinabweza padi.

Ndinayesakonso Hades. M'chigawo choyamba cha gemuyo umakumana ndi Sisyphus, uja wa m'nthano amene milungu inamlanga kuti azikankha chimwala kukwera phiri, ndipo akatsala pang'ono kufika pamwamba chimwalacho chimagubuduka n'kubwerera pansi. Nditamuona ndinaseka ndekha. Opanga gemu amadziwa bwino chimene akutichititsa.

ZIFUKWA ZANGA

Choyamba ndi nthawi. Tchuthi chathu n'chachifupi. Madzulo atatu amene ndinapereka kwa Margit ndi omwewo amene ndikanacheza ndi azakhali, amene ndimawaona kamodzi pa chaka. Gemu ya mpira imatha pa mphindi zochepa, wina wapambana, mwaseka, mwabalalika. Magemu awa sakuuza kuti "kwatha, pita ukagone". Amakusiya nthawi zonse uli ndi ngongole.

Chachiwiri ndi chimene umatsala nacho. Nditaloweza mayendedwe a Margit ndinadziwa chinthu chimodzi: mayendedwe a Margit. Bosi wotsatira ali ndi ake. Mu roguelike, zimene watolera kwa theka la ola zimafufutika pa kuphethira kwa diso. Magemu ena a masiku ano amakusungirako pang'ono kuti usataye mtima, koma njira uyendanso yomweyo.

Chachitatu ndi mtima umene magemuwa anadzutsa mwa ine. Mkwiyo ndaufotokoza kale. Palinso kunyada. Pakati pa osewera pali chizolowezi chakuti munthu akadandaula kuti gemu yavuta amangomuyankha kuti vuto ndi iyeyo, akaphunzire kusewera. Ndi zomwe anandiuza pa khonde paja. Koma pali anthu amene manja ao ndi olumala, ena saona bwino, ena ali ndi ntchito ndi ana. Kodi onsewo ndi aulesi? Opanga magemu ena anaganizapo. Celeste ya mu 2018 ndi yovuta, koma imalola munthu kuchepetsa liwiro lake. Hades nayo ili ndi njira yakuti ukaisankha, nthawi iliyonse ukafa Zagreus amalimba pang'ono. Zimenezi sizinachotsere kanthu akatswiri, zinangotsegulira ena chitseko.

Pali kanthu kena kamene kanandidabwitsa monga mseminale. Mu Elden Ring malo opumira amatchedwa malo a chisomo. Ife timaphunzira m'katekisimu kuti chisomo ndi mphatso yaulere ya Mulungu, imene imafika kwa wofooka asanachite kanthu koiyenera. Ndinapeza kuti n'zovuta kukhala madzulo onse m'dziko limene wofooka amangouzidwa kuti wafa.

NANGA KU SEMINALE SITIBWEREZA?

Mnzanga wina wa Fomu 4 anandifunsa funso limene linandisowetsa tulo. Anati, "Iwe ukudana ndi kubwereza, koma moyo wako wonse ndi wobwereza. Belu lomwelo m'mawa uliwonse. Mensa, mensa, mensam mpaka lilime kuuma. Tikuoneni Maria makumi asanu pa kolona imodzi. Khasu lomwelo m'munda womwewo. Ndipo mayeso a Chilatini amakupha kuposa Margit." Ananena zoona. Ndinapita nalo funsoli kwa Bambo wotiphunzitsa Chilatini. Iwo anamwetulira nati, "Mwana wanga, ukatha kubwereza uziyang'ana m'manja mwako kuti mwatsala chiyani."

Ndayesa kuyang'ana. Mzere umene ndaunga lero mawa ndimaupeza ulipo, ndipo pa Epulo pamakhala chimanga chimene tonse timadya. Mawu a Chilatini amene ndinaloweza mu Fomu 1 ndi omwe akunditsegulira chiganizo lero, ndipo amandithandizanso pa Chingerezi. Pa kolona sindilimbana ndi mdani. Ndimabwereza mawu kwa Mayi amene amandimva, monga mwana sanena "amayi" kamodzi kokha pa moyo wake. Amayi akamasinja, munsi umakwera n'kutsika kambirimbiri, koma mu mtondo mumatsala mphale. Ungathenso kuthira madzi mu mtondomo n'kusinja tsiku lonse ndi mphamvu zomwezo ndi thukuta lomwelo. Choncho chimene ndimadana nacho si kuvuta, si kubwereza, koma kubwereza kumene kumandisiya chimanjamanja.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo. Msuweni wanga akayang'ana m'manja mwake amapezamo kanthu. Iye akafa sakalipa. Amakhala phee, n'kuganiza pamene walakwitsa, n'kuyesanso mwa njira ina. Amanena kuti khalidwe limeneli ndi lomwe amalitengera pa masamu, ndipo masamu amakhozadi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye kudekhako wakuphunzirako pa padi. Mtondo womwewo wina wasinjamo chimanga, ine ndinasinjamo madzi. Ndiye kusakonda kwanga si lamulo la khumi ndi chimodzi.

MPINGO UKUTI BWANJI?

Mpingo sudana ndi masewera. Thomas Aquinas Woyera, mu Summa Theologiae, analembapo za kusewera. Anaphunzitsa kuti monga thupi limatopa n'kufuna kupuma, mzimu nawo umatopa, ndipo mpumulo wake ndi chisangalalo. Anakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Woyera, mlembi wa Mthenga Wabwino, amene anthu ena anakhumudwa atamuona akusewera ndi ophunzira ake. Iye anafunsa munthu wa uta ngati angathe kumangoponya mivi osalekeza, ndipo munthuyo anayankha kuti uta ungathyoke. Aquinas anati pa masewera munthu angalakwe m'njira ziwiri: kupyola muyeso, kapena kukhala wouma mtima wosaseka n'komwe. Muyeso umenewu umandithandiza. Ngati ndikudzuka pa kanema mutu ukupweteka, mtima uli m'mwamba, nditakalipira mwana, ndiye kuti uta sunamasuke, ndaukoka kwambiri.

Tilinso ndi mnzathu wa msinkhu wathu, Carlo Acutis Woyera. Anabadwira ku London mu 1991, anakulira ku Milan, namwalira mu 2006 ali ndi zaka 15. Papa Leo XIV anamlengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Carlo ankadziwa kompyuta ndipo anali ndi PlayStation. Amayi ake amafotokoza kuti anadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Sanaphwanye makina ake, ndiponso makinawo sanamulamulire.

A zaumoyo nawo alankhulapo. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza kuika vuto la kukanika kusiya magemu pa mndandanda wake wa matenda, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma linanena momveka kuti vutoli limagwira ochepa okha mwa osewera. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa zina zonse, ndi kupitirizabe ngakhale sukulu ndi ubale zikuonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kupitirira.

MAWU KWA MAKOLO NDI KWA ANZANGA

Makolo athu okondedwa, mwana akamasewera magemu si ndiye kuti walowerera. Khalani naye pansi mumufunse kuti gemuyo ndi yotani, imatha bwanji, ndipo akafa chimachitika n'chiyani. Mudzadziwa chifukwa chake nthawi zina mukamuitana amati "dikirani pang'ono": m'magemu ena mulibe poimitsira, ndipo akasiya padi ataya ntchito ya ola lathunthu. Gwirizanani nthawi asanayambe, osati ali pakati pa nkhondo. Yang'ananinso pa chikuto zaka zimene gemuyo inalembedwera, chifukwa ambiri mwa amene ndatchulawa muli magazi ndipo si a ana aang'ono. Koposa zonse yang'anani nkhope yake akamadzuka pa mpando.

Anzanga aseminale, amene mumawakonda magemuwa pitirizani pa tchuthi, koma muzidzifunsa funso la Bambo lija. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo musanyoze mnzanu amene wabweza padi. Kudziwa chimene chikukuononga n'kuchisiya nakonso kumafuna mphamvu.

Ine kamwana kaja ndinakapepesa m'mawa mwake, ndipo kanandikhululukira msanga nditakagulira chitumbuwa. Mawu a azakhali ndiwo sanachokebe m'makutu. Kwa anzanga awiri a pa khonde paja, amene mukuti ndimathawa zovuta, mundipeze Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Bawo ndibweretsa ndine. Kumeneko ndikagonja tidzaseka tonse, ndipo belu likalira tidzanyamuka.